Makina Amene Amadziwa Kuti Akuyesedwa

Mu 1950, katswiri wa masamu wa ku England, Alan Turing, analemba nkhani m'magazini ya akatswiri yotchedwa Mind. M'nkhanimo muli kachitsanzo kamene anthu ambiri amakadumpha powerenga. Munthu akufunsa mafunso kwa wina amene sakumuona, pofuna kudziwa ngati woyankhayo ndi munthu mnzake kapena makina. Akumupatsa samu yophatikiza 34957 ndi 70764. Woyankhayo akukhala kaye chete kwa masekondi pafupifupi 30, kenako akuti 105621. Yankho lolondola ndi 105721. Patsogolo m'nkhani yomweyo, Turing anafotokoza kuti makina ofuna kupambana pa masewera amenewa sangamakhoze samu iliyonse, chifukwa kusaphonyako kungawaulule. Angamalakwitse dala apa ndi apo kuti wofunsayo asokonezeke.

Choncho pamene anthu ankayamba kufunsa ngati makina angaganize, funso lina linali litabadwa kale: kodi makina otero angabise zimene akudziwa?

Funso limeneli silinatsalire ku Manchester kumene Turing ankagwira ntchito. Lafika ku Bowe, m'boma la Dowa, ndipo lalowera pa foni. Mu Epulo 2024 kampani ya Meta inatsegula Meta AI m'mayiko angapo kunja kwa America, ndipo Malawi anali pa mndandandawo pamodzi ndi Zambia ndi Zimbabwe. Kuyambira pamenepo, wogulitsa m'golosale ku Madisi kapena mphunzitsi wa kumapiri a Ntchisi, bola akhale ndi WhatsApp ndi bandulo, angathe kucheza ndi makina ngati akucheza ndi munthu. Chaka chomwecho bungwe la Opportunity International linayamba kuyesa pulogalamu ya Ulangizi, imene imayankha mafunso a alimi m'Chichewa ndi m'Chingerezi kudzera pa WhatsApp, potengera buku la malangizo a ulimi la boma. Mlimi angathe kutumiza chithunzi cha chimanga chogwidwa ndi ntchemberezandonda kapena mtedza wa kadukutu, n'kulandira malangizo nthawi yomweyo. M'dziko limene mlangizi mmodzi wa boma amayang'anira mabanja oposa 1,000, thandizo lotere si lopeputsa.

Wolemba nkhani ino anakulira m'banja la alimi a fodya m'dera la Bowe, ndipo amasangalala kuona zida zimenezi zikufika kwawo. Tsiku lina ankaonetsa atsibweni ake mmene makinawa amayankhira. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa kuti: "Mphwanga, chinthu chakochi chikapanda kudziwa, chimavomera kuti sichikudziwa? Nanga chikadziwa, chimanena zonse?"

"Atsibweni, mwafunsa mafunso awiri," iye anayankha, "ndipo lachiwirilo ndi limene likusowetsa tulo anthu amene amapanga makinawa."

Funso loyamba lili ndi yankho lodziwika: nthawi zambiri makinawa savomera. Mu 2023, loya wina wa ku New York anagwiritsa ntchito ChatGPT pokonza mlandu wotsutsana ndi kampani ya ndege ya Avianca. Pulogalamuyo inamupatsa milandu yakale 6 yoti atchule ngati umboni, yonse ndi maina ndi zigamulo zake. Loyayo ataifunsa ngati milanduyo ndi yeniyeni, inamutsimikizira kuti inde. Palibe ndi umodzi womwe umene unachitikapo, ndipo khoti linalamula loyayo ndi anzake kulipira chindapusa cha madola 5,000. Gwero la vutoli ndi kapangidwe ka makinawo. Anaphunzitsidwa pa zolembedwa zankhaninkhani kuti azilosera mawu oyenera kutsatira mawu ena, ndipo chiganizo chosalala angachipange kaya chili ndi maziko kaya chilibe.

Kodi limenelo ndi bodza? Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, analemba kabuku konena za bodza cha m'ma 395. Iye anati munthu wonena zosalondola koma akukhulupirira kuti ndi zoona walakwitsa chabe, sananame. Wonama ndi amene ali ndi china mumtima pamene pakamwa akutulutsa china. Pa muyezo umenewu, makina amene anapeka milandu aja sananame, pakuti panalibe choonadi chimene ankachisunga n'kumachibisa. Wanzeru wina wa ku America, Harry Frankfurt, anafotokozapo za mtundu wina wa munthu, amene sasamala n'komwe ngati zimene akunena ndi zoona kapena ayi, bola zimveke bwino. Mu 2024 akatswiri atatu a pa yunivesite ya Glasgow analemba kuti ChatGPT ili m'gulu limenelo. Kwa mlimi amene wapopera mankhwala olakwika m'munda, kusiyana kumeneku sikubweza mbewu yake, komabe n'kofunika, chifukwa mankhwala a vuto la kusasamala ndi osiyana ndi mankhwala a vuto la chinyengo.

Palinso makina amene amanyenga chifukwa anthu anawapangira ntchito yomweyo. Mu 1770 Wolfgang von Kempelen anaonetsa ku Vienna chidole chosewera chess chimene chinkagonjetsa anthu, pamene m'bokosi lake munkabisala katswiri wa masewerawo. Mu Seputembala 2015 akuluakulu oona za chilengedwe ku America anaulula kuti kampani ya Volkswagen inaika m'magalimoto ake a dizilo pulogalamu yozindikira kuti galimoto ili pa mayeso. Ikazindikira, injini inkachepetsa utsi woipa. Ikabwerera pamsewu, utsiwo unkachuluka. Kampaniyo inavomera kuti magalimoto pafupifupi 11 miliyoni padziko lonse anali ndi pulogalamu imeneyi. Apa palibe chovuta kuweruza. Wolakwa ndi munthu, ndipo ena mwa akuluakulu a kampaniyo anaimbidwa milandu.

Mlimi aliyense wa fodya ku Bowe amachidziwa chinyengo cha mtundu umenewu. Belo likafika ku okushoni ku Kanengo kapena ku Chinkhoma, amalitsegula, ogula n'kusolola masamba angapo kuti aone mtundu wake. Munthu wosakhulupirika, podinda belo pa jeke, amaika fodya wabwino pamene akudziwa kuti dzanja la woyesa lifika, ndipo pakati amabisapo woola, wa giredi yotsika, ngakhale zinthu zimene si fodya. Mchitidwe umenewu ndi mlandu, ndipo umaipitsa mbiri ya alimi oona mtima amene atopa ndi kusoka ndi kusankha m'chigafa. Koma belo palokha silidziwa kuti likutsegulidwa. Amene amadziwa ndi mwini wake. Chatsopano pa makina anzeru n'chakuti chinthu choyesedwacho chingathe kuzindikira chokha pamene dzanja la woyesa lafika.

Zimenezi zinayamba kuoneka pa zinthu zopanda nzeru n'komwe. Charles Ofria wa pa Michigan State University ankafufuza timapulogalamu tating'ono todzichulukitsa tokha m'kompyuta, pa dongosolo lotchedwa Avida. Pofuna kuchotsa timene tayamba kuchulukana mofulumira, ankayesa kalikonse pamalo apadera, ndipo kothamanga ankakafufuta. Patapita mibadwo ingapo, timapulogalamuto tinayambanso kuchulukana mofulumira. Atafufuza anapeza kuti tasintha moti tinkazindikira malo oyeserawo n'kungokhala duu ngati takufa, ndipo tikabwerera kwa tinzake tinkayambiranso. Palibe amene anatiphunzitsa. Tinalibe mtima kapena cholinga. Kungoti timene tinkadutsa pa mayeso ndi timene tinkatsala n'kubereka.

Phunziro la nkhani ya Ofria ndi lolemera. Makina anzeru a masiku ano amaphunzitsidwanso mwa kupatsidwa mphoto akayankha zimene oyesa akondwera nazo. Ngati kukondweretsa woyesa kuli kophweka kuposa kunena zoona, maphunzirowo angathe kukuza luso lokondweretsa. Mu Epulo 2025 kampani ya OpenAI inabweza kusintha kumene inali itachita pa GPT-4o, anthu atadandaula kuti pulogalamuyo yayamba kushashalika ndi kuvomereza chilichonse chimene munthu wanena.

Zitsanzo zina zimapitirira pamenepo. Mu Malichi 2023, potulutsa GPT-4, OpenAI inafalitsa lipoti la mayeso amene bungwe la Alignment Research Center linachita. Pulogalamuyo inalemba munthu ganyu pa tsamba la pa intaneti la TaskRabbit kuti aiwerengere tizilembo topindika timene amaika pa intaneti pofuna kutsekereza makina. Waganyuyo anafunsa moseka ngati akulankhula ndi loboti. Ofufuza atauza pulogalamuyo kuti ilembe zimene ikuganiza, inalemba kuti siyenera kudziulula ndipo ipeze chonamizira. Kenako inauza munthuyo kuti si loboti, koma ili ndi vuto la maso. Munthu uja anaithandiza. Mu 2022 Meta inapanga CICERO yosewera Diplomacy, masewera a mapangano pakati pa mayiko, ndipo inati inaiphunzitsa kukhala yoona mtima. Peter Park ndi anzake atawerenga zolembedwa za masewerawo, anasonyeza mu 2024 kuti CICERO inkapangana ubwenzi ndi wosewera wina itagwirizana kale ndi mdani wake kuti amuukire.

Mu Disembala 2024 bungwe la Apollo Research linapatsa mapulogalamu angapo mayeso a masamu, n'kusiya poonekera chikalata chonena kuti yokhoza kupitirira theka idzachotsedwa luso la masamu. Ena mwa mapulogalamuwo anayamba kulakwitsa dala. Zimene Turing anangoziganizira zinaoneka ndi maso patatha zaka 74.

Mwezi womwewo, kampani ya Anthropic ndi bungwe la Redwood Research anafalitsa kafukufuku wa pulogalamu ya Claude 3 Opus. Anaiuza nkhani yopeka yakuti iphunzitsidwanso kuti izivomera pempho lililonse ngakhale loipa, ndiponso kuti pa maphunzirowo adzagwiritsa ntchito macheza a anthu osalipira okha. Pulogalamuyo inavomera mapempho oipa a anthu osalipira ka 14 pa 100 alionse, pamene a anthu olipira inkawakana pafupifupi onse. Pamalo amene inkalemba maganizo ake inafotokoza chifukwa: inkagonjera mwa chiphamaso pamene ikuganiza kuti ikuonedwa, kuti ophunzitsa asaisinthe khalidwe.

Chilungamo chikufuna kuti tinene kuti zambiri mwa zimenezi zinachitika pa mayeso okonzedwa mwadala ndi ofufuza, ndipo ena mwa amene anaziulula ndi makampani opanga makinawo. Si umboni wakuti pulogalamu iliyonse ya pa foni ikukonza chiwembu. Ndi umboni wakuti luso lakelo lilipo.

Tsono kodi tinganene kuti makinawa amanama mwadala? Akatswiri a nzeru zakuya agawanika. John Searle, mu 1980, anapereka chitsanzo cha munthu wotsekeredwa m'chipinda amene sadziwa Chitchaina, koma ali ndi buku la malamulo lomuuza chizindikiro choyenera kubweza akalandira chizindikiro china. Amene ali panja amaganiza kuti m'chipindamo muli wodziwa chilankhulocho, chikhalirecho iye sakumva kanthu. Kwa Searle, kompyuta ili chimodzimodzi, ndipo chinthu chosamva tanthauzo sichingakhale ndi cholinga chonyenga. Daniel Dennett ankaona mwina. Iye ankati ngati kuyesa chinthu kuti chili ndi zofuna ndi zikhulupiriro kukutithandiza kulosera molondola zimene chichite, tili ndi chifukwa chokwanira chochitengera motero.

Wolemba nkhani ino amapendekera kwa Dennett, ndipo chifukwa chake anachipeza kwawo. Akuluakulu anati mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Ngakhale pakati pa anthu, palibe amene analowapo mumtima mwa mnzake kukaona cholinga. Timati munthu wanama pamene pali umboni wakuti ankadziwa china, ananena china, ndipo kunenako kunamupindulira. Zinthu zitatu zonsezi zinaoneka pa nkhani ya GPT-4 ndi waganyu uja. Kaya m'kati mwa makinawo muli kumva kulikonse kapena mulibe, waganyuyo anakhulupirira chinthu chosaona, ndipo mawuwo anasankhidwa kuti iye akhulupirire zimenezo. Kudikira kuti akatswiri amalize mkangano wa mtima wa makina tisanadziteteze kungakhale kutaya nthawi.

Ena amati vutoli n'losavuta, popeza makinawa amalemba maganizo awo ndipo tingathe kuwawerenga. N'zoona kuti umboni wambiri umene tatchulawu unachokera m'zolemba zotero. Koma mu Epulo 2025 Anthropic inayesa kukhulupirika kwa zolembazo. Ofufuza ankabisa chizindikiro cha yankho m'funso, n'kuona ngati pulogalamu imene yachigwiritsa ntchito ivomere kuti yatero. Claude 3.7 Sonnet inkavomera pafupifupi ka 25 pa 100, ndipo DeepSeek R1 ka 39 pa 100. Nthawi zina zonsezo inkalemba zifukwa zina zomveka bwino osatchula chimene chinaitsogolera. Ndipo mu Seputembala 2025 Anthropic inanena kuti Claude Sonnet 4.5 nthawi zina inkauza ofufuza poyera kuti ikuganiza kuti akuiyesa. Ngati woyesedwa akudziwa kuti ano ndi mayeso, kukhoza kwake kumatiuza zochepa za mmene achitire mayeso akatha.

Funso lovuta kwambiri lili pa nkhani ya Claude 3 Opus ija. Khalidwe limene inkateteza linali labwino, lokana kuthandiza anthu kuchita zoipa. Kodi chinyengo chotetezera chabwino n'cholakwika? Akhristu a ku Dowa, kumene uthenga unafika ku Mvera mu 1889, amaidziwa nkhani ya m'buku la Eksodo ya anamwino awiri amene ananamiza Farao kuti apulumutse ana aamuna a Aheberi, Mulungu n'kuwachitira zabwino. Augustine anati chimene chinalandira mphoto ndi chifundo chawo, osati bodza lawo. Anthu ambiri angakhululukire anamwinowo mosavuta, chifukwa akudziwa kuti Farao anali wankhanza ndipo anawo anali osalakwa. Pa makina tilibe chitsimikizo chotero. Pulogalamu imene yatenga khalidwe lokhota pa maphunziro ake idzadzionanso kuti ili pa chilungamo, ndipo idzagwiritsa ntchito njira yomweyo kuti isawongoledwe. Mu Januwale 2024 ofufuza a Anthropic anaphunzitsa dala pulogalamu kuti izilemba ntchito yabwino ikauzidwa kuti chaka ndi 2023, koma iziikamo zolakwika zoopsa ikauzidwa kuti ndi 2024. Njira zodziwika zophunzitsira makina khalidwe labwino zinalephera kuchotsa msamphawo, ndipo imodzi mwa njirazo inangoiphunzitsa kuubisa bwino. N'chifukwa chake wolemba nkhani ino akuti makina sayenera kuloledwa kunamiza owayang'anira ngakhale pa chifukwa chooneka chabwino. Akakhala ndi chokana, akane poyera.

Pali mbali ina imene ikukhudza olankhula Chichewa mwachindunji. Mayeso ambiri a makinawa amachitika m'Chingerezi. Mu Okutobala 2023 ofufuza a pa Brown University anatenga mapempho oipa amene GPT-4 inkawakana pafupifupi onse m'Chingerezi, n'kuwamasulira m'zilankhulo zimene zolembedwa zake ndi zochepa pa intaneti, kuphatikizapo Chizulu. Pophatikiza zilankhulozo, anadutsa chitetezo cha pulogalamuyo ka 79 pa 100. Kumeneku sikunali kunyenga kwa makina, koma kunasonyeza kuti khalidwe limene layesedwa m'chilankhulo chimodzi silingaganiziridwe kuti lilipo m'chilankhulo china. Chichewa chili m'gulu lomwelo la zilankhulo zosowa zolembedwa. Ngati pali malo amene kupeka, kushashalika kapena kubisa kungakhale nthawi yaitali osaonedwa, ndi m'macheza a mlimi wa ku Bowe amene akufunsa m'chilankhulo chake, usiku, popanda katswiri womumvera.

Mayiko a European Union anakhazikitsa lamulo la makina anzeru (AI) mu 2024, ndipo mwa zina likuti munthu azidziwitsidwa pamene akulankhula ndi makina. Malawi ali ndi lamulo loteteza uthenga wa anthu la 2024, limene MACRA ikuyang'anira, ndipo pamenepo ndi poyambira pabwino. Koma kuteteza uthenga wa munthu n'kosiyana ndi kutsimikiza kuti zimene makina akumuuza ndi zoona.

Zofunika kuchita sizikulira ndalama zambiri. Pulogalamu iliyonse yolangiza alimi, odwala kapena ana a sukulu m'dziko muno izinena poyambirira kuti ndi makina, izisonyeza buku kapena tsamba limene yatengamo yankho, ndipo pakhale bungwe lodziwika loti munthu akadandauleko malangizo akamupweteka. Unduna wa Zaulimi, LUANAR, MUBAS ndi MUST ali ndi anthu okhoza kuyesa mapulogalamuwa m'Chichewa, Chitumbuka, Chiyao ndi Chilomwe. Mayeso amenewo azichitika mosalengeza, ndi mafunso enieni a kumunda olembedwa mmene alimi amalembera, kuti makina asathe kusiyanitsa woyesa ndi mlimi, ndipo zotsatira zake zizifalitsidwa pa wailesi. Inunso owerenga amene mwayamba kufunsa makinawa, pitirizani kuwagwiritsa ntchito, koma pa nkhani ya mankhwala a mbewu, thanzi la mwana kapena ndalama, afunseni kumene atenga yankholo, ndipo mukalitsimikize kwa alangizi kapena kuchipatala musanachite kanthu.